Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: BP ndi mapilisi ake

Mgawo lapitali ndinasiyira pomwe anandipeza ndi BP, nde lero ndikufuna ndikambe za mankhwala chifukwa ndi pamene ambiri timafookera.

Chomwe chinkandivuta mmutu nchakuti sindinkamva kupweteka paliponse, koma akandiyeza manambala amangokhala pamwamba pa 140/90. Anesi ena achikulire ndi amene anandikhazika pansi nkundiuza kuti mwana wanga nambala yapamwambayo ndi mphamvu ya magazi mtima ukafinya, yapansiyo ndi pamene mtima ukupuma, nde ikakhala yokwera zaka ndi zaka mtima umagwira ntchito mokakamiza mpaka mnofu wake umakhuthala, timitsempha ta mu impso, mmaso ndi mu ubongo timaonongeka pang'onopang'ono iwe osadziwa, ena amadzadziwira pa sitiroko.

Anandiyambitsa mapilisi otchedwa HCTZ. Eee kukodza kwake abale! Koma ndi ntchito yake imeneyo, amauza impso kuti zitaye mchere ndipo madzi amatsatira mcherewo, madzi akachepa mmitsempha BP imatsika. Nchifukwa chake amati tizimwa mmawa kuti usiku tigone, komanso nchifukwa chake mchere amatiletsa, a WHO amati tisamafike magalamu 5 patsiku.

Sinatsike mokwanira nde anaonjezera enalapril, apa ndi pamene ndinavutika zenizeni. Kunabwera kachifuwa kouma kokanda pakhosi, kopanda makhololo, usiku onse khokhokho, amuna anga mpaka anayamba kuda nkhawa kuti mwina ndi TB. Ndinakayezetsa osapezeka kanthu. Adokotala atangoona buku langa anati mayi ndi mapilisiwa. Anafotokoza kuti mthupi muli enzyme (kanthu kofulumizitsa kupanga kapena kuphwanya zinthu mthupi) yotchedwa ACE yomwe imapanga angiotensin II, chinthu chomwe chimafinya mitsempha, enalapril amatsekereza enzyme imeneyo kuti mitsempha imasuke, koma vuto nlakuti enzyme yomweyonso ndi imene imaphwanya chinthu china chotchedwa bradykinin, nde ikatsekedwa bradykinin uja amaunjikana mnjira za mpweya nkumakutsokomoletsa. Si onse zimawachitikira koma ife ena zimatigwira, ndipo mankhwala a chifuwa sathandiza olo pang'ono. Zimandiwawa ndikaganiza kuti pali anthu akutsokomola chonchi miyezi yambiri popanda owauza, ena amangosiya mapilisi mwakachetechete BP nkukweranso. Ine anandisinthira losartan, amene amatseka malo olandirira angiotensin II mmitsempha osakhudza enzyme ija, chifuwa chinatha patapita timasabata.

Amlodipine ndinadzamwanso kenako, uyu amaletsa calcium kulowa mminofu ya mitsempha kuti itakasuke. Madzulo akakolo ankatupa moti nsapato kuthina, ine mantha kuti impso zapita, koma ayi, amatsegula kwambiri mitsempha yobweretsa magazi kuposa yobweza, zili ngati mpopi watsegulidwa kwambiri pomwe ngalande ndi yomweyo, madzi ena amatsalira mmapazi. Anandichepetsera mlingo zinakhala bwino.

Tsiku lomwe ankandipatsa losartan adokotala anandifunsa ngati tikufunabe mwana wina, ndinati eya, nde anandiuza motsindika kuti ndikangoganiza zoima ndibwere kaye tisinthe, chifukwa losartan ndi enalapril amaononga impso za mwana ali mmimba. Chaka chotsatira ndinaimadi ndipo anandiika pa methyldopa, za mimba imeneyo ndikamba gawo likubwerali.