Sabata Yogawa Bajeti ya Chitetezo cha Makompyuta

Lolemba m'mawa ndinapeza kalata ya mkulu wa zachuma pa desiki panga, yondiuza kuti pofika Lachisanu ndipereke ndondomeko ya momwe tigwiritsire ntchito ndalama zotetezera makompyuta m'chaka chikubwerachi. Ndimayang'anira makompyuta pa kampani ina yogula ndi kugulitsa mbewu mumzinda wa Blantyre, yomwe ili ndi madepoti ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndipo akuluakulu ankafuna kudziwa kuti pa ndalama zochepa zomwe atipatsa, zingati zipite ku zipangizo ndipo zingati zipite kukaphunzitsa antchito.

Tsiku lonselo ndinali kuwerengera zinthu zomwe sitingazithawe. Malayisensi a firewall (chotchinga akunja kuti asalowe mu netiweki yathu), a antivirus (pulogalamu yogwira mavairasi a makompyuta) ndi a imelo timalipira m'madola, ndipo kuchokera mu Novembala 2023, pomwe Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, zinthu zomwezo zimadya gawo lalikulu la bajeti tisanagule chilichonse chatsopano. Palinso makompyuta akale a m'madepoti omwe akadali pa Windows 10, chikhalirecho kampani ya Microsoft inasiya kupereka mwaulere zokonza za chitetezo pa Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo ena mwa iwo sangathe kunyamula Windows 11. Pankhani imeneyi sindinyengerera, chifukwa ndimakumbukira kuti mu Meyi 2017 pulogalamu yoipa ya WannaCry inasokoneza zipatala za ku Britain pomwe chokonza chake chinali chitatuluka kale mu Malichi. Kompyuta yosalandira zokonza za chitetezo, ngakhale mwini wake ataphunzitsidwa bwanji, mbava zingathe kulowamo iye asanakhudze kanthu.

Lachiwiri kunabwera wogulitsa zipangizo ndi dongosolo lolondera netiweki usana ndi usiku. Chinthucho n'chabwino, koma mtengo wake ukanamaliza ndalama zonse, choncho ndinamuthokoza ndi kuika mapepala ake pambali.

Zomwe zinasintha maganizo anga zinachitika Lachitatu cha m'ma 10 koloko. Mayi wina wa ku ofesi ya maakaunti, yemwe wagwira ntchito pano zaka zambiri kuposa ine, anandiimbira foni nati, "Achimwene, tabwerani mudzaione kalata iyi, mtima wanga ukuikana." Nditafika ndinaona imelo yooneka ngati yochokera ku kampani yomwe imatinyamulira chimanga ndi soya, yonena kuti asintha banki ndipo malipiro a mwezi uno apite ku akaunti yatsopano. Chizindikiro cha kampaniyo chinalipo, chidindo chinalipo, siginecha inalipo, ngakhale nambala ya invoisi ndi kuchuluka kwa ndalama zinali zolondola. Kusiyana kunali pa chilembo chimodzi chokha mu adiresi ya wotumiza, ndipo makina athu osefa maimelo, omwe timawalipira madola chaka ndi chaka, anailola kudutsa.

Mayiwo sanayankhe imeloyo, ndipo sanaimbe nambala yomwe inalembedwa m'munsi mwake. Anatsegula fayilo yakale ya mapepala, natenga nambala ya foni yomwe akhala akugwiritsa ntchito kuyambira kale, ndipo eni ake a kampaniyo anawauza kuti sanasinthe banki ayi. Nditawafunsa kuti, "Amayi, nzeru imeneyi munaiphunzira kuti?" anandiyankha kuti mchemwali wawo anaberedwapo ndalama za pafoni ndi akathyali aja otumiza uthenga woti ndalama ija tumizani pa nambala iyi, ndipo kuyambira pamenepo sakhulupirira nambala yobwera ndi uthenga wopempha ndalama. Mayiwa sanapiteko ku maphunziro alionse a kampani okhudza makompyuta, ndipo zimenezi zinandikhudza kwambiri.

Chomwe chinandidetsa nkhawa chinali chakuti mbavazo zinadziwa bwanji nambala ya invoisi. Madzulo ndinafufuza mbiri ya olowa m'maimelo athu, ndipo ndinapeza kuti akaunti ya depoti ina yakhala ikutsegulidwa kuchokera kunja kwa dziko lino, nthawi zambiri pakati pa usiku. Nditaimba kudepotiko ndinamva kuti makalaliki atatu amagwiritsa ntchito pasiwedi imodzi, yomwe anailemba pa kapepala n'kumata pansi pa kiyibodi, ndipo mmodzi wa iwo anavomera kuti anailembapo pa tsamba lina lomwe linamuuza kuti bokosi lake la imelo ladzaza. Chikhala kuti tinayatsa chitsimikizo chachiwiri, chija chimafuna nambala ya pafoni munthu akalemba pasiwedi, mbavazo zikanavutika kwambiri kulowa ngakhale zinali ndi pasiwediyo. Ndinasintha pasiwedi usiku womwewo ndi kutseka malo onse omwe akauntiyo inali yotsegula.

Lachinayi ndinakhala pansi ndi mkulu woona za antchito kuti tione momwe ndalama za maphunziro zinayendera m'mbuyomu. Chaka chatha mamanijala anapita kunyanja ku Mangochi masiku atatu, ndipo titawerenga malisiti tinaona kuti ndalama zambiri zinapita ku malo ogona, mafuta a galimoto ndi maalawansi, pomwe mphunzitsi analandira kagawo kochepa. Makalaliki a m'madepoti, olandira ndalama ndi a ku maakaunti, omwe ndiwo amatsegula maimelo a anthu akunja tsiku ndi tsiku, sanaitanidwe. Ndinapempha kuti m'malo mwake tizikhala ndi ola limodzi mwezi uliwonse, pa malo a ntchito pomwepo, m'Chichewa ndiponso m'Chitumbuka ku Mzuzu, tikuonetsa anthu maimelo enieni omwe akathyali atitumizira. Mkuluyo anandichenjeza kuti, "Popanda alawansi anthu sadzabwera ndi mtima wonse." Nkhawa yawoyo ndi yoona ndipo sindinaipeputse, koma tinagwirizana kuti phunzirolo lizichitika m'nthawi ya ntchito ndipo manijala wa depoti aziyamba iye kukhala pampando.

Tinagwirizananso kuti yemwe walakwitsa n'kudzaulula msanga asalangidwe. Kalaliki uja anakhala chete milungu ingapo chifukwa choopa kuchotsedwa ntchito, ndipo milungu imeneyo ndi yomwe mbava zinali kuwerenga makalata athu.

Lachisanu ndinapereka ndondomeko kwa akuluakulu. Magawo atatu mwa anayi ndinawaika ku zipangizo, koma zosankhidwa mosamala: malayisensi omwe tili nawo kale, chitsimikizo chachiwiri pa imelo iliyonse, kusintha makompyuta akale a m'madepoti, ndi kusunga kope la mafayilo athu pa chipangizo chosalumikizidwa ku netiweki. Gawo lachinayi ndinaliika ku anthu, kuphatikizapo maulendo anga a ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Mmodzi wa akuluakuluwo anafuna kuti gawo la maphunziro lichepetsedwe, ndipo ndinati, "Bwana, timasunga mayina, manambala a foni ndi a ziphaso za unzika za alimi omwe timawagula mbewu, ndipo lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, lomwe MACRA, bungwe la boma loona za mauthenga ndi kulumikizana, ndiyo imaliyang'anira, limatiikira udindo pa zimenezi." Ndinawakumbutsanso kuti mu Febuluwale 2024 Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti mbava za pa intaneti zalowerera makina opangira mapasipoti ndipo zikufuna dipo, kenako ndinaika pa tebulo imelo ya Lachitatu ija kuti aliyense aiwerenge yekha.

Anavomera ndondomekoyo, kupatula kuti makompyuta a m'madepoti tisinthe theka chaka chino ndipo theka linalo chaka cha mawa, zomwe zikutanthauza kuti otsalawo ndiyenera kuwachotsa pa intaneti kufikira nthawiyo. Lamulo loti pasakhale kusintha akaunti ya wolipidwa popanda kuimba foni pa nambala yakale ndi kusainira anthu awiri layamba kugwira ntchito lero. Phunziro loyamba likhala Lachiwiri likudzali m'chipinda cha misonkhano, ndipo mayi a ku maakaunti aja avomera kuti adzafotokoze okha zomwe anaona mu imeloyo.