Ulendo wa kumaliro nawonso umawerengedwa

Semesita ino tili ndi kosi ya kawerengedwe ka zokopa alendo, ndipo ine ndinalowa m'kalasimo ndi maganizo omwe ambirife tili nawo, oti mlendo ndi mzungu wa chikwama kumsana uja watsika ndege pa KIA kapena pa Chileka akuthamangira ku Cape Maclear. Sabata yachiwiri a lekichala anafunsa kuti ndani mwa ife wakagonako kutali ndi kwawo chaka chino, pafupifupi tonse tinakweza manja, iwo nkuti ndiye nonsenu mukuyenera kupezeka mu ziwerengero za dziko lino koma ambirinu mulibemo. Mawu amenewo sakundichoka m'mutu.

Tanthauzo lomwe tikugwiritsa ntchito ndi la United Nations la mu 2008. Mlendo ndi munthu amene wachoka kudera lomwe amakhala ndi kuyendamo masiku onse, kwa nthawi yosakwana chaka, pa chifukwa chilichonse bola asakhale kuti akukalembedwa ntchito komwe akupitako. Akagona komweko ali mu gulu lake, akabwerera tsiku lomwelo alinso mu gulu lina, koma onse ndi alendo. Ndiye taganizani, mayi anga akakwera minibasi kupita kumaliro ku Ntcheu nkugonako masiku atatu alimo, kwaya yopita kumsonkhano wa mpingo ku Mangochi ilimo, wodwala wochoka ku Nsanje kudzaonana ndi dokotala ku Queens alimo, anthu opita ku Mulhako wa Alhomwe ku Chonde kapena ku Umthetho ku Hora alimonso. Koma opita ku Kulamba sali m'gulu la oyenda m'dziko momwemo, poti Mkaika ili ku Katete m'dziko la Zambia, ukangodutsa boda ya Mchinji walowa gulu la otuluka kunja ngakhale kuti ukupita kwa Kalonga Gawa Undi, mfumu yako yomwe. Apa tinakangana kwambiri m'kalasi chifukwa kwa Mchewa kupita ku Mkaika sikupita kunja, koma ziwerengero zimatsata malire a dziko basi.

Vuto lenileni ndi kuwerengako. Wochokera kunja ndi wosavuta, amadinditsa pasipoti pa boda, dzina lake lilipo penapake. Nanga wochoka ku Ndirande kupita kwawo ku Thyolo amamulemba ndani? Pa rodibuloko salemba anthu, kondakita sasunga mayina, ndipo mabuku a m'maloji ndi m'mahotela sangamuone chifukwa akagona kwa azakhali ake. Njira yomwe imatsala ndi kulowa m'makomo kufunsa anthu mmodzimmodzi ngati momwe a National Statistical Office aku Zomba amachitira pa kafukufuku wawo wa m'mabanja, kenako nkuphatikiza ndi za m'maloji ndi za pa geti ya malo ngati Liwonde ndi Majete.

Anatipatsa asainimenti yoti aliyense akayese mafunso ake pa makomo angapo a mdera lake ndipo apa mpomwe ndaphunzira zambiri kuposa m'manotsi. Funso langa loyamba linali loti kodi m'miyezi itatu yapitayi mwapitako kokaona malo? Aliyense ankati ayi, ndalama zake ziti. Mayi wina anachita kuseka nkunena kuti zimenezo ndi za mabwana. Koma tikucheza choncho anandiuza yekha kuti mwezi watha anali ku Balaka ku chinkhoswe cha mwana wa mchemwali wake, anagonako masiku awiri, anagula chitenje cha yunifolomu, shuga ndi sopo wopita naye kwa agogo, thiransipoti yopita ndi yobwerera, kabaza kuchoka pa depoti, chipisi ndi madzi m'njira. Zonsezo ndi ndalama za ulendo ndipo funso langa likanazitaya zonse. Mawu oti zokopa alendo ndi omwe akutisokoneza, munthu wopita kumudzi sanakopedwe ndi chilichonse ndipo sadzitcha mlendo, akupita kwawo.

Ngakhale pa ndalamapo pali timalamulo tomwe ndinayenera kuwerenga kawiri. Shuga ndi chitenje zija zimawerengedwa ngakhale anazigula asananyamuke, chifukwa anagulira ulendowo. Koma chipepeso chomwe waponya m'mbale pamaliro kapena ndalama ya pelekanipelekani paukwati siziwerengedwa, poti sunagule kanthu, wangopatsa munthu. Katundu wokaoda kuti udzagulitsenso nayenso sawerengedwa. Ndiye pali nkhani ya dera lomwe munthu amayendamo masiku onse ija, bambo wochoka ku Dedza sabata iliyonse kukagulitsa mbatatesi ku Lilongwe akuyenda mtunda wautali ndithu koma Lilongwe yasanduka dera lake la nthawi zonse, sakhala mlendo. Dziko lililonse limadziikira lokha malire a mtunda kapena kuchuluka kwa maulendo, nchifukwa chake kuyerekeza manambala a maiko awiri kumafuna kusamala. China nchoti anthu amaiwala, ukafunsa za chaka chonse amangokumbukira ulendo waukulu wa pa Khirisimasi, timaulendo tating'ono tonse tapita.

Gawo lomwe linandivuta kwa masiku ndi Tourism Satellite Account, akaunti yapadera yoyezera gawo la alendo pa chuma cha dziko. Mu kawerengedwe ka chuma cha dziko mulibe mzere wolembedwa kuti zokopa alendo ngati momwe ulili wa ulimi kapena migodi, chifukwa chimene chimapangitsa kuti malonda akhale a alendo ndi wogulayo osati katunduyo. Ndinamvetsa nditaganizira mnyamata wa chiwaya ku Senga Bay. Chipisi chomwecho akagulitsa kwa msodzi wa pompo si za alendo, akagulitsa kwa banja lochokera ku Area 25 pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala pomwe nyanja imadzaza mpaka kusowa poponda, ndi za alendo. Ndiye akauntiyo imatola tizidutswa kuchokera ku thiransipoti, malo ogona, zakudya, mashopu, nkuona kuti gawo logulidwa ndi alendo ndi lotani. Ili ndi matebulo 10, lachiwiri ndi la ndalama zomwe eni dziko amawononga akamayenda m'dziko mwawo, ndipo popanda kafukufuku wa m'makomo uja tebulo limenelo limangokhala loganizira. Komanso si ndalama yonse yomwe imalowa mu GDP, muyeso wa chuma chomwe dziko lapanga, umayamba wachotsa zomwe wogulitsayo anagula kuti apange malondawo, mafuta ophikira, mbatatesi, nkhuni.

Mnzanga wina m'gulu lathu amati zonsezi nkutaya nthawi chifukwa woyenda m'dziko momwemo sabweretsa forex, amangosuntha kwacha kuchoka thumba ili kupita thumba ilo, ndiponso petulo ndi dizilo wa minibasiyo timaitanitsa kunja. Pa forex akunena zoona, sindingatsutse. Koma kusunthako ndi nkhani yaikulu kwa ine, ndalama yolandiridwa ku Capital Hill ikathera kwa mayi wogulitsa usipa ku Nkhata Bay kapena kwa mnyamata wonyamulira anthu katundu pokwera phiri la Mulanje, yafika komwe sikanafika mwa njira ina. Ndipo tinaona mu 2020 ndege zitaima miyezi ingapo chifukwa cha Covid, malo ogona omwe ankadalira azungu okha anavutika koopsa, ambiri nkuyamba kutsitsa mitengo kuti akope ife tomwe. Boma lakhala likukambapo za ATM, kutanthauza ulimi, zokopa alendo ndi migodi, ndipo ine ndimafuna T wa zokopa alendoyo aziwerengedwa ndi anthu a m'minibasi omwe, chifukwa chosawerengedwa sichilowa mu bajeti, ndiye zimbudzi za m'madepoti, maresitihausi otchipa koma aukhondo, misewu yopita kunyanja, zimangotsalira.

Mafunso anga ndawalembanso. Loyamba pano likuti kodi m'miyezi itatu yapitayi alipo wa pakhomo pano amene anakagonako kwina, kaya kumudzi, kumaliro, kuukwati, kuchipatala kapena ku za mpingo? Loweruka ndibwereranso kwa mayi anapita ku Balaka uja, anandiuza kuti ndifike masana akaweruka kumsika, ndipo akuti amuna awonso anayendako kawiri.