Nkhonya ndi yomweija, wasintha ndi woilandira

Sabata yathayi ku jimu inali yotopetsa komanso yopsetsa mtima, ndipo ndikulemba mkwiyo usanathe bwinobwino, nde makochi anzanga mukaona ndikulumpha zina mundimvetse. Nkhani ndi ya mfana wanga wa nkhonya wa lightweight (gulu la mapaundi 135) amene a manijala amusainira kontrakiti yoti akamenye ku welterweight (gulu la mapaundi 147) osandifunsa ine amene ndimamugwirira mapadi, zovala m'manja zolandirira nkhonya pophunzitsa, tsiku ndi tsiku.

Lolemba zinali za masiku onse. Kuthamanga m'mamawa, chingwe, thumba, mapadi, madzulo ana a amateur aja amene amabwera ndi mphamvu zambiri kuposa nzeru. Sikelo yathu idakali yakufa, timachita kubwereka. Mabandeji atsala ochepa moti anyamata akuchapa n'kumapatsirana asanaume n'komwe, ndipo magolovesi a sparring (ndewu zoyeserera) siponji yake inaphwa kalekale, ukawavala umamva mfundo za zala zikugunda chikopa. Mndandanda wa zofunika ndinapereka kale ku ofesi, uli pa tebulo pomwepo, kaya ukudikira chani.

Lachiwiri madzulo a manijala analowa akumwetulira, foni ili m'manja. "Kochi, fight ija yatheka. Kungoti mnzathuyo sangatsike kufika mapaundi 140, nde tagwirizana 147."

Ndinafunsa kuti bwana mwasaina kale? Akuti eya, m'mawa womwewo. "Mfana wanuyu ali ndi dzanja, amagwetsa aliyense. Mapaundi 7 ndi chani?"

Apa ndi pamene mutu unayamba kuwawa. Mfanayu wakhala akumenya pa mapaundi 135, omwe ndi makilo 61.2, ndipo zoona kumeneko amagwetsa anthu, dzanja lake lamanja si la masewera. Koma thupi layamba kukana, kudula weight kwakhala kukumuzunza, nde pulani imene tinagwirizana tonse inali yokwera sitepe imodzi yokha, 140, timuone kaye. Pano amudumphitsa mpaka 147, makilo 66.7, magulu awiri nthawi imodzi. Si mapaundi 7 ayi, ndi 12 kuchokera pamene anazolowera. Ndipo chimene anthu a muofesi safuna kumva n'chakuti nambala ya pa sikelo ndi ya tsiku la sikelo basi. Munthu amene "sangatsike kufika 140" ndiye kuti ndi wamkulu, 147 yomweyo amaifika atadziumitsa madzi, ndipo sikelo timakwera kutatsala tsiku, akamwa ndi kudya usiku wonse amalowa mu ring ali middleweight weniweni, magulu awiri pamwamba pa welter. Wanga akalowa ali pomwepo pa 147 kapena kupitirira pang'ono, chifukwa alibe choti abwezeretse. IBF, limodzi mwa mabungwe opereka malamba a nkhonya, inaika lamulo loti pa ndewu za lamba wawo munthu asapitirire mapaundi 10 pamwamba pa malire akamuyezanso m'mawa wa tsiku la ndewu, ndipo sanaliike chifukwa chosowa chochita. Mu kontrakiti yathu mulibe chilichonse chotere. Ndinaiwerenga mpaka kumapeto.

Lachitatu ndinathera pa foni kusaka welterweight weniweni woti tichite naye sparring, chifukwa ku jimu kwathu tilibe, wamkulu kwambiri amene tili naye ndi mwana wa amateur amene sindingamuike pamaso pa dzanja lija. Kochi mnzanga wa jimu ina anandibwereka mnyamata wake, wamtali, wamapewa, khosi lake lonenepa, si katswiri kwenikweni koma ndi welter wobadwa nawo.

Lachinayi ndi limene landilembetsa zonsezi. Raundi yoyamba inayenda bwino, wanga anali wachangu, akulowa n'kutuluka, jab, nkhonya yowongoka ya dzanja lakutsogolo, ikufika. Raundi yachiwiri anapeza chimene amachifuna, mnzakeyo anaponya jab yaulesi n'kusiya dzanja pansi, wanga anadutsitsa lamanja pamwamba pake, phazi lakumbuyo litazungulira bwino, chiuno chitalowa, chibakera chinakatera pachibwano penipeni. Phokoso lake aliyense mu jimu analimva, ana amene anali pa thumba anasiya n'kucheuka. Nkhonya imeneyo ndimaidziwa, olo ndi magolovesi a ma ounce 16 ndi headguard, ma lightweight akailandira miyendo imayamba yachita zake. Uyu anangophethira. Anaphethira, n'kupita kutsogolo, n'kumukankha wanga ndi jab ya pachifuwa mpaka pa zingwe.

Ine sindinkayang'ana wolandirayo, ndinkayang'ana maso a mfana wanga, ndipo ndinaona chinthu chikuzima. Amene mwakhala pa kona mukuchidziwa. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akukhulupirira kuti ndikangomupeza kamodzi zatha, wamupeza, ndipo sizinathe. Kuyambira pamenepo anasiya kumenya nkhonya n'kuyamba kusaka chigwetso. Dzanja akulitenga kumbuyo kwa khutu, mapewa atauma gwa, mpweya ataugwira, jab waiiwala, akuponya imodzi imodzi ndi mtima wonse ndipo iliyonse mnzakeyo akuiona ikubwera kuchokera kutali. Ndinakuwa kuti iwe, tamasuka, ponya zitatu utuluke, koma makutu anali atatseka. Raundi yachitatu isanathe anaponya lamanja lina lamphamvu zonse, mnzakeyo anangoweramitsa mutu pang'ono, chibakera chinatera pachipumi, ndi magolovesi athu opanda siponji aja. Ndinaona nkhope ikukwinyika, dzanja likubwerera pachifuwa osatulukanso. Ndinaimitsa pomwepo.

Tikumasula bandeji mfundo ya chala chapakati inali itayamba kale kutupa. Ayezi tinalibe, ndinachita kutuma mwana kukasaka. Mfana atakhala pa benchi, thaulo lili kumutu, anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Kochi, mphamvu zanga zapita kuti? Ndamupeza bwinobwino koma sanagwedezeke olo pang'ono."

Ndinamuuza kuti mphwanga, mphamvu zako sizinapite kulikonse. Ndipo sikunali kumutonthoza ayi. Ine ndi amene ndimazilandira pa mapadi, zigongono zanga ndi mboni, chiyambire kudya mokwanira osadziumitsa akumenya molemera kuposa kale. Nkhwangwa ndi yomweija, koma dzulo unkadula nthambi, lero akupatsa thunthu.

Anthu akamafunsa kuti kodi munthu akakwera weight mphamvu ya nkhonya imatsika kapena imakwera, amakhala akusakaniza zinthu ziwiri. Pali mphamvu imene ikutuluka m'thupi mwako, ndiye pali zimene mphamvuyo ikukachita kwa mnzako. Yoyambayo nthawi zambiri sitsika, kwa ena imakwera kumene, makamaka amene ankadzizunza kuti akwane pa sikelo, chifukwa miyendo imabwerera ndipo nkhonya imachokera pansi, kuphazi, kudutsa m'ntchafu ndi m'chiuno, mkono umangoperekeza. Koma munthu amakomoka chifukwa mutu wazungulira mwadzidzidzi ubongo n'kugwedezeka mkati, ndipo munthu wamkulu, wakhosi lolimba, wa mafupa akuluakulu, mutu wake suzungulira msanga. Komanso wakhala akulandira nkhonya za anthu a saizi yake chiyambire, yako si yachilendo kwa iye. Onjezerani msinkhu. Ukamamenya wamtali umaponya chokweza, nthawi zina utanyanyamphira, kapena umamufikira mkono utatha kale, ndipo mphamvu yambiri imatayikira m'njira. Ukapitirira welterweight, m'malo ambiri magolovesi amasinthanso kuchoka pa ma ounce 8 kupita pa 10.

Lachisanu tinakhala pansi ndi a manijala, ndipo anabwera ndi mnyamata wina wa zonyamula zitsulo amene akuti amukonza mfanayu kuti "adzaze". Pulogalamu yake bench press, ma shake, mapewa akule, afike 147 ali chimunthu. Ndinawauza kuti bwana, thupi loika mothamanga chonchi silimenya, limangofuna mpweya. Minofu yatsopano ya pachifuwa ndi m'mikono imachedwetsa dzanja, ndipo olo aphunzitsi a sayansi amanena kuti mphamvu ya chinthu choyenda imatsatira liwiro kwambiri kuposa kulemera, kulemera kukawirikiza kawiri mphamvu imawirikiza kawiri, koma liwiro likawirikiza kawiri mphamvu imawirikiza kanayi. Nde mukufuna timulande changu, chinthu chokhacho chimene amaposera welter, kuti timupatse makilo amene sangafanane nawo ndi a mnzakeyo. Pofika raundi yachisanu ndi chimodzi azidzangoti wefuwefu.

Mukudziwa dzina limene anatulutsa. Aliyense amatulutsa lomwelo. "Nanga Pacquiao?"

Chabwino, tiyeni tikambe za Manny Pacquiao. Lamba wake woyamba anautenga ku flyweight, mapaundi 112, mu 1998, ndipo mu 2009 anamugoneka Ricky Hatton mu raundi yachiwiri pa 140, chaka chomwecho n'kumuimitsa Miguel Cotto mu raundi ya 12. Zoona. Koma panadutsa zaka zoposa khumi kuti afike kumeneko, akukwera pang'onopang'ono thupi likukhwima. Ndipo atamaliza ndi Cotto, sanaimitsenso munthu wina aliyense mpaka 2018 pamene anamenya Lucas Matthysse ku Kuala Lumpur. Mu 2010 anamumenya Antonio Margarito maraundi 12 onse mpaka kumuthyola fupa la pansi pa diso, koma Margarito sanagwe, chifukwa usiku umenewo anali wolemera kuposa Pacquiao ndi mapaundi pafupifupi 17. Ku welterweight Pacquiao ankapambana ndi miyendo, ma angle ndi kuchuluka kwa nkhonya. Ndiye ngati chitsanzo chanu ndi chimenecho, chikunena zanga.

Roberto Durán naye, munthu amene ankamutcha manja amwala, ku lightweight amene ankabwera kudzalanda lamba wake pafupifupi onse sanamve belu lomaliza. Atakwera ku welter, mu 1980 anamugonjetsa Sugar Ray Leonard ku Montreal, koma pa mapointi, maraundi 15. Ndi Marvin Hagler ku middleweight mu 1983 anafika kumapeto n'kuluza. Mu 1989 anamugwetsa Iran Barkley mu raundi ya 11 n'kutenga lamba wa middleweight, koma Barkley anadzuka, ndewu inathera kwa majaji. Durán anakhalitsa kumtunda chifukwa anali ndi nzeru za mu ring zimene anthu ankaziiwala poyang'ana manja ake. Amene anakwera opanda zimenezo tinawaona. Adrien Broner anadumpha kuchoka 135 kufika 147 mu 2013, monga akufunira a manijala athu, ndipo chaka chisanathe Marcos Maidana anamugwetsa kawiri akudutsa mu nkhonya zake ngati palibe. Mikey Garcia anadumpha chimodzimodzi mu 2019 kukakumana ndi Errol Spence, sanapambane raundi ndi imodzi yomwe. Kale kwambiri Bob Foster ankagoneka ma light heavyweight ndi hook imodzi, atapita kwa Joe Frazier mu 1970 anagona yekha mu raundi yachiwiri.

Alipo amene dzanja lawo linakwera nawo, sindikukana. Thomas Hearns anamukomola Durán yemweyo mu raundi yachiwiri mu 1984 pa 154, ndipo mu 1987 anamuimitsa Dennis Andries ku light heavyweight. Koma tayang'anani thupi la Hearns, wamtali, mikono yaitali, ku welter anali munthu wamkulu wodzipanikiza m'gulu laling'ono, nde pokwera ankangodzaza chimango chimene anali nacho kale. Naoya Inoue anayambira pa 108 ndipo mu 2023 anamuimitsa Stephen Fulton pa 122, koma iye nkhonya zake zimagwira chifukwa cha nthawi yoponyera ndi kulasa pamalo, makamaka za m'mimba, ndipo chiwindi sichikhala ndi khosi lochiteteza. Mfana wanga ndi wamfupi, wathupi lodzaza kale, alibe koika mapaundi 12 oti amuthandize.

Zonsezi ndinazinena, mwina mokweza mawu kuposa mmene zimafunikira. A manijala anamvetsera akuseweretsa makiyi a galimoto, kenako akuti, "Kochi, inu mumaopa kwambiri. Pulomota walengeza kale, maposita atuluka." Ndinawafunsa ngati analipo dzulo lake pa sparring. Sanalipo. Sakhalapo. Amabwera tsiku lojambula zithunzi ndi tsiku la sikelo, zapakati apa amazimvera pa WhatsApp. Ndinapempha zinthu zitatu, kuti abwerere kwa anzathuwo tikambirane catchweight, weight yapakati yogwirizana, ya 143, kuti aikemo malire a weight ya m'mawa wa ndewu, ndiponso kuti agule magolovesi a sparring dzanja lina lisanathyoke. Akuti aona.

Loweruka ndinamuperekeza mfana kukajambulitsa dzanja. Fupa silinathyoke, koma adokotala ati lamanja lipume kaye, asagunde nalo chilichonse mpaka kutupa kutatha. Masana ndinabwerera ku jimu kukathandiza ana a amateur amene ali ndi mpikisano posachedwa, mmodzi wabwera atapitirira weight ndipo akulumbira kuti sikelo yobwerekayo ndi yabodza. Wa zitsulo uja ndinamupeza akuyeza malo oika benchi yake, ndinamuuza mwaulemu kuti achimwene, apa ndi pa chingwe.

Mawa tiyamba ndi lamanzere lokha. Jab, hook ya m'mimba, kutuluka cham'mbali, kuponya zitatu zinayi zopepuka m'malo mosaka imodzi, ndipo ntchito yovuta kwambiri ikhala yomuphunzitsa kuti akamupeza munthu pachibwano n'kuona sanagwe, asadabwe, apitirize pulani. Mnyamata wa welter uja ndamupemphanso kwa kochi mnzanga dzanja likachira. Za catchweight a manijala sanayankhebe, uthenga wanga anauwerenga dzulo masana. Akakana zonse zitatu ndiwauza pamaso pa mfanayo kuti ndewu imeneyi ine sindikuivomereza, ndipo ngati apita nayebe, thaulo loponya poimitsa ndewu likhala m'manja mwanga kuyambira belu loyamba.