Zingwe zinayi kapena zisanu: zimene ndaphunzira m'ndege imene ikumangidwabe

Loweruka lapitali ndinakhala pafupifupi ola lathunthu m'ndege yopanda mapiko ndi injini, nditamangidwa pampando ngati mbuzi yopita kumsika. Ndegeyo ndi RV-7 ya mipando iwiri, imene bambo wina wachikulire akumanga yekha mu shedi kufupi ndi Johannesburg. Zigawo zake zimabwera m'mabokosi kuchokera ku Van's Aircraft, ku Aurora m'chigawo cha Oregon, ndipo kulumikiza ndi kwa mwini wake. Ine ndimapitako kukawathandiza kukhoma ma rivet, timisomali tolumikizira zitsulo, chifukwa kukalasi kwathu kwa zokonza ndege timaona zithunzi zambiri kuposa zitsulo.

Sabata ziwiri m'mbuyomo anali atandifunsa kuti, "Iwe wa kusukulu, tigule malamba a pampando a zingwe zinayi kapena zisanu?" Ndinayankha msanga kuti zisanu, poti zisanu n'zambiri. Iwo anati, "Nanga chachisanucho chimagwira chiyani?" Ndinangoti kakasi. Ndinabwerera kunyumba ndi manyazi, n'kuyamba kuwerenga.

Poyamba ndinafuna kudziwa kulemera kumene lamba amanyamula. Malamulo akale a ku America a ndege zing'onozing'ono, amene amatchedwa Part 23, ankafuna kuti munthu asachoke pampando ndege ikaima mwadzidzidzi ndi mphamvu ya 9g yopita kutsogolo, kutanthauza kulemera kwa thupi lake kuchulukitsa ka 9. Munthu wa makilogalamu 77 mukamuchulukitsa ka 9 amakwana makilogalamu 693. Amenewo ndi pafupifupi matumba 14 a chimanga, onse akukoka timabauti tingapo nthawi imodzi. Ndipo thupi limapirira kuposa pamenepo likamangidwa bwino: mu 1954 John Stapp, dokotala wa asilikali a ku America, anakwera chingolo cha roketi ku New Mexico, n'kuima ndi mphamvu yoposa 46g, koma anatuluka wamoyo, ngakhale maso anali atadzaza magazi. Ndinamvetsa pamenepo kuti pangozi zambiri zotera movutikira, chimene chimapha si kuimako, koma mutu kukamenya bolodi la mamita.

N'chifukwa chake lamba wa m'chiuno yekha sitinamukambe n'komwe. Munthu amapindika pakati ngati mpeni wa m'thumba. Ku America komweko, ndege zing'onozing'ono zopangidwa pambuyo pa 18 July 1978 zinayamba kukakamizidwa kukhala ndi zingwe za m'mapewa pamipando yakutsogolo, ndipo kuchokera mu December 1986 lamulolo linafika pamipando yonse. Koma ndege yomanga wekha ili ndi ufulu wambiri, ndipo ufuluwo ndi umene umaopsa, chifukwa wosankha ndi iwe.

Wa zingwe zitatu, ngati wa m'galimoto uja Nils Bohlin anapangira Volvo mu 1959, ndi wosavuta kuvala ndipo okwera sadandaula naye. Vuto lake, phewa limodzi limakhala pamtunda, ndiye thupi likhoza kupotoka n'kupulumuka m'chingwecho. Kwa ndege yotha kuzungulira chadodolido ngati RV-7, ameneyu tinamusiya.

Phunziro lenileni linabwera nditakhala pampando paja. Bambowo anabwereka lamba wa zingwe zinayi kwa mnzawo wa shedi yoyandikana, tinamukoleka mongoyembekezera, ine n'kukhala pa khushoni. Ndinamanga za m'chiuno, buckle, chitsulo chokumanirapo zingwe zonse, inakhala bwinobwino pansi pa mchombo. Kenako anati, "Koka za m'mapewazo mwamphamvu, ngati ukuona kuti mukagwera m'munda." Ndinakoka. Buckle ija inakwera pang'onopang'ono, kudutsa mchombo, mpaka kukakhala pamimba penipeni, pofewa, pamene palibe fupa loti n'kuitchinga. Zingwe za m'chiuno zinali zitasiya mafupa a m'chiuno amene zimayenera kugwira. Ndinangotsetsereka pang'ono, matako anapita kutsogolo, lamba n'kundilowa m'mimba. Azungu amati submarining, kutanthauza kulowa pansi pa lamba ngati sitima yomira. Ndi pamene ndinapeza yankho la funso lawo lija. Chingwe chachisanu, chodutsa pakati pa miyendo, sichigwira munthu ayi. Chimagwira buckle kuti isakwere.

Zimenezi zinandikumbutsa Hugh DeHaven, amene ndege yake inawombana ndi ina mu 1917 akuphunzira kuulutsa. Anapulumuka, koma atavulala kwambiri m'mimba, ndipo pambuyo pake anathera zaka zambiri ku yunivesite ya Cornell ku America akufufuza mmene anthu amavulalira pangozi. Nditamva chitsulo chija chikundidinda pamimba, nkhani yake inasiya kukhala ya pamayeso chabe.

Komabe ngakhale zingwe zikhale zisanu, zikamangiriridwa polakwika zimakhala zachabe. Malangizo a FAA, bungwe loona za ndege ku America, amati lamba wa m'chiuno azitsika ndi madigiri pakati pa 45 ndi 55 poyerekeza ndi mzere wa kutalika kwa ndege. Za m'mapewa zikachoka paphewa kupita kumbuyo, zisatsike kuposa madigiri 5 ndiponso zisakwere kuposa 30. Poyamba ndinkaona ngati ndi manambala ongoloweza. Koma taganizani munthu amene wamangirira zingwezo pansi, kuseri kwa mpando, poti ndi pamene pali chitsulo chapafupi. Ndege ikagunda, thupi limapita kutsogolo, zingwe zimapanikiza mapewa kupita pansi, ndipo msana umafinyika ngati chitini chopondedwa. Lamba yemweyo amene wateteza nkhope ndi amene wathyola msana. Mu RV-7 zingwe za m'mapewa zimadutsa pamwamba pa malo a katundu, n'kulumikizana ndi waya wachitsulo amene amakagwira chimango chakumbuyo. Ndinkadabwa kuti kutali konseko kwachiyani. Tinakoka ulusi kuchokera paphewa panga mpaka pamenepo, kuyeza ndi pulotalakita ya kusekondale, ndipo ulusiwo unali pafupifupi wogona.

Panatsala nkhani ya kufikira. Ukamangidwa zolimba sungawerame, choncho ndinayesa kugwira swichi iliyonse maso ali chitsinzire. Kampopi ka mafuta ndinakafikira mosavuta. Mbali ya kumanja ya bolodi ndinalephera. Pali malamba okhala ndi kagudumu komasula chingwe ukamayenda pang'onopang'ono n'kukana ukagwedezeka mwamphamvu, inertia reel, koma amalemera, ndi odula, ndipo amafunika malo olimba owakhomerapo. Bambowo anati bola kusuntha maswichi kusiyana ndi kuwonjezera kulemera. Ndinagwirizana nawo, ngakhale ndikuganizabe kuti akanakhala kuti akumanga ndege yongoyendera maulendo, kagudumuko kakanawayenera, chifukwa lamba wovutitsa munthu amamumasula, ndipo ngozi siichenjeza kuti manganso.

Tagwirizana za zingwe zisanu zosatambasuka, zokhala ndi buckle yopotokola kamodzi zonse n'kumasuka. Loweruka likubwerali tikakhoma kachitsulo kogwira chingwe chachisanucho, ndipo pamenepo m'pothina, chifukwa ndodo yowongolera ndege imatulukiranso pakati pa miyendo pomwepo ndipo iyenera kubwerera m'mbuyo mpaka kumapeto osakodwa. Mayi akunyumba kwawo abweranso kudzakhala pampando wa kumanja. Ndi aafupi kuposa ine, adzafuna khushoni yokhuthala, ndiye ulusi uja tikaukokanso.