Kompyuta ya malume, sabata yachitatu: makalata okana kufufutika

Kompyuta yakale ya malume ndinamaliza kuikonza sabata yatha. Ndinaipukuta fumbi, ndinasintha feni, RAM ndinaikweza kufika 4 GB, basi ine n'kumadzitama kuti ntchito yatha. Loweruka m'mawa foni inalira, anali malume. "Iwe, makina ako aja akukana kutaya makalata. Ndikudina, akungondiyang'ana."

Malume amagula mpunga kwa alimi kuno ku Nkhotakota n'kumatumiza ku Lilongwe, ndipo maoda ena amabwera pa imelo. Pulogalamu yawo ndi Thunderbird, akaunti ndi ya POP, ija yoti makalata amatsika kuchokera ku seva n'kukhala m'kompyuta momwemo. Ndinafika dzuwa likuswa mtengo, malata akuchita kuthetheka. Ndinasankha kalata imodzi ya otsatsa malonda, n'kudina Delete. Zii. Kalata ili pomwepo. Kuzimitsa n'kuyatsanso, chimodzimodzi.

Poyamba ndinanamizira netiweki, mpaka ndinagula bandulo ina. Ndalama yopita pachabe, chifukwa pa POP kalata ikachoka mu Inbox imangosamukira mu Trash, dzala la makalata otayidwa la m'kompyuta momwemo, intaneti sikufunika n'komwe. Kenako ndinadina kumanja pa Inbox, Properties, Repair Folder. Pulogalamu inawerenganso makalata onse, koma kufufuta kunakanabe.

Chimene chinanditsegula maso ndi Shift ndi Delete pamodzi. Mabatani awiriwa amataya kalata osadutsira ku Trash. Pulogalamu inandifunsa ngati ndatsimikiza, ndinavomera, kalata ija n'kusowa nthawi yomweyo. Ndiye kuti tsache linali bwinobwino, vuto linali ku dzala, ku Trash kuja.

Ndinalowa pa Help, Troubleshooting Information, n'kutsegula foda ya profile, momwe Thunderbird imasungira makalata ndi zonse za akaunti, kenako foda ya Mail. Apa ndi pamene ndinakhalitsa, chifukwa sindinkadziwa kuti mkati mumaoneka chonchi. Ndinkayembekezera timafayilo tambirimbiri, kalata iliyonse kakekake. Ayi ndithu. Makalata onse a mu Inbox ali m'fayilo imodzi yaikulu yotchedwa Inbox, olumikizana ngati nsomba pa chingwe, ndipo pambali pake pali kafayilo ka Inbox.msf kongosunga mndandanda wa pamene kalata iliyonse ikuyambira. Trash nayonso chimodzimodzi, ili ndi Trash.msf yake. Ukafufuta kalata, pulogalamu imaikopera ku Trash, koma ya mu Inbox ija imangoikidwa chizindikiro kuti isaonekenso. Malowo amakhalabe odzaza mpaka utapanga Compact.

Malume sanamve mpaka nditatenga kope lawo la ngongole pa tebulo. Ndinati, "Onani malume, munthu akabweza ngongole inu mumangokhwatcha dzina, tsamba limatsala. Compact ndiye kukopera mayina otsala m'kope latsopano n'kutaya lakalelo." Anagwedeza mutu, kenako anaseka mwamanyazi. Akuti pulogalamu inkawafunsa kawirikawiri za Compact yomweyo, iwo n'kumakana poopa kuti maoda awo atha. Tsiku limodzi lokha anavomera, magetsi n'kuthima ntchito ili mkati.

Umboni unalipo. M'fodamo munali fayilo yotchedwa nstmp, yomwe imatsala ngati kukopera kwadukira panjira. Kompyuta ya pa tebulo ilibe batire ngati laputopu, magetsi akangoti thi, chilichonse chimene chimalembedwa chimathera pomwepo. Apa mlandu wina ndi wanga, chifukwa ndinawabwezera makina opanda UPS, kabokosi ka batire kogwirizira kompyuta magetsi akathima, ndikudziwa mmene zimakhalira kwathu kuno nyengo ino.

Ndisanakhudze kanthu ndinatseka pulogalamu n'kukopera profile yonse pa fulashi. Zinatenga nthawi moti azakhali anafika ndi thobwa, ine maso ali pa kamzere kobiriwira koonetsa pamene kukopera kwafika. Ndinafunsa malume ngati mu Trash muli chimene akuchifuna, anati zinyalala sasunga. Ndiye ndinachotsa mafayilo awiri, Trash ndi Trash.msf, n'kutsegulanso Thunderbird. Inapanga yokha Trash yatsopano yopanda kanthu. Ndinadina Delete pa kalata ina, inapita. Ina, inapita. Malume analanda mausi n'kuyamba kusesa okha, mpaka ndinawagwira dzanja atatsala pang'ono kutaya oda ya matumba 40.

Pomaliza ndinapanga Compact Folders kuchokera pa File, nditaonetsetsa kaye kuti pa disiki pali malo okwanira, popeza pulogalamu imalemba fayilo yatsopano isanachotse yakale. Mtima unali m'mwamba nthawi yonseyo, ndikungoyang'ana babu kudenga. Magetsi anapirira. Inbox yomwe inali pafupifupi 3 GB inatsika osafika ndi 1 GB yomwe, kutanthauza kuti zambiri zimene kompyuta imasenza zinali makalata amene malume anataya kalekale. Ngakhale kutseguka kwa pulogalamu kwapepuka.

Fulashi ija ndaisiya m'kabati mwawo, ndalembapo tsiku ndi cholembera. Chatsala ndi UPS, ndikaifunsa mtengo ndikapita ku Salima Lachisanu, ngati kulibe ndidikira ulendo wa ku Lilongwe. Malipiro anga anali chambo ziwiri zimene malume anagula pa Chia, ndipo amati Compact ikadzafunsanso adzayamba aimba kaye.