Masomphenya a Malawi 2063 Tikawaonera ku Zomba

Ziwerengero zambiri zomwe boma limagwiritsa ntchito poyesa ngati dziko likupita patsogolo zimachokera kuno ku Zomba, chifukwa likulu la National Statistical Office lili mumzinda uno. Ofesiyi ndiyo idatiuza kuti pa kalembera wa 2018 tinalipo anthu oposa 17.5 miliyoni, ndiponso kuti tinkachuluka ndi 2.9 peresenti chaka chilichonse. Nambala yachiwiriyi ndiyo tiyenera kumaikumbukira pokamba za masomphenya a Malawi 2063, omwe adakhazikitsidwa mu Januwale 2021 kulowa m'malo mwa Vision 2020.

Masomphenyawa aima pa nsanamira zitatu, zomwe ndi ulimi wa phindu, mafakitale ndi kukula kwa mizinda, ndipo gawo lake loyamba lidalonjeza kuti pofika 2030 Malawi adzakhala atalowa m'gulu la maiko a chuma chapakatikati, ngakhale kumunsi kwa gululo. Kuti zimenezi zitheke chuma chimayenera kumakula ndi pafupifupi 6 peresenti pachaka, koma kuyambira 2022 mpaka 2024 chinkangozungulira pa 2 peresenti kapena kuchepera apo. Chuma chikamakula pang'onopang'ono kuposa mmene anthu akuchulukira, ndiye kuti gawo la munthu aliyense likuchepa. Kwacha nayo idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense amene amagula feteleza kapena sopo mumsika wa Zomba safuna katswiri woti amufotokozere zotsatira zake.

Komabe si chilungamo kunena kuti dziko lino silikwanitsa zomwe lalonjeza. Mu 1992, mwa ana 1,000 alionse obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu, koma pofika 2015 ndi 2016 chiwerengerochi chidatsika kufika pa 63. Izi zidatheka chifukwa cha ntchito yooneka yaing'ono koma yosadukiza, monga ya mlangizi wa zaumoyo amene amamangirira sikelo pa nthambi ya mango, n'kumayeza mwana mmodzimmodzi, kulemba m'buku la kusikelo, kupereka katemera ndi kufunsa mayi ngati mwanayo akugona m'masikito. Cholinga chochepetsa imfa za anachi chinali ndi mwini wake m'mudzi momwemo.

Zolinga za chilengedwe zilibe mwini wotere, ndipo apa ndi pomwe ndikuona kuti masomphenyawa akupunthwa. M'chikalatacho chilengedwe chidaikidwa m'gulu la zinthu zothandizira nsanamira zija, pomwe kwa ife okhala m'tsinde mwa phiri la Zomba ndicho maziko enieni. Madzi a m'mipopi yathu amachokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phirili. Mitsinje ya Likangala ndi Domasi imayambira komweko, imathirira minda ya mpunga kuchigwa, kenako n'kukathira m'nyanja ya Chilwa, komwe asodzi a ku Kachulu amapha matemba ndi milamba. Nyanjayi idauma mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu idasanduka matope ong'ambika. Mitengo ikatha kumtunda, madzi a mvula salowa pansi, amathamanga ndi dothi n'kukakwirira mitsinje ndi minda. Ulimi wa phindu womwe tikuulakalaka ungachokere kuti m'dera lotere?

Amene amadzuka m'mamawa amaona njinga zikulowa m'tauni zitasenza matumba a makala osongoka pamwamba, mwini wake akukankha thukuta lili kamukamu. Sindimuweruza bambo ameneyu, pakuti wogula ndife tomwe. Kalembera wa 2018 adapeza kuti nyumba 11 zokha mwa 100 zilizonse zinali ndi magetsi a Escom, ndipo ngakhale m'nyumba zimenezo mbaula siizima. Namondwe wa Ana atagumula damu la Kapichira, komwe amapangira magetsi, mu Januwale 2022, dziko lidataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, mafakitale adachepetsa ntchito, ndipo mabanja ambiri adadalira makala kuposa kale. Chaka chotsatira, mu Malichi, namondwe wa Freddy adasakaza chigawo chakummwera, ndipo mu 2024 ng'amba idachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Ndalama zomwe zikadamanga zatsopano zidapita kukakonza milatho yogumuka ndi kugulira anthu chimanga.

N'chifukwa chake ndingakonde kuti National Planning Commission, bungwe la boma loyang'anira masomphenyawa, popereka malipoti a mmene gawo loyambali likuyendera, izitiuza boma ndi boma kuti mwa mitengo yomwe timabzala dzinja lililonse ndi ingati yapulumuka patatha zaka zitatu, ndiponso dzina la ofesi kapena komiti ya m'mudzi yomwe ikuyankhapo, monga momwe mlangizi wa zaumoyo amayankhira za mwana aliyense wa m'dera lake.