Galimoto Yokana Kugulitsidwa

Inde, ndinapatsa moni mtengo wa magetsi. Amene akufalitsa nkhaniyi sakunama, kungoti za waya akuzisiya dala.

Tinali titagwirizana, kapena ndinene kuti mayi akunyumba anali atagwirizana okha, kuti galimoto yathu yakale ija ipite, tigule ina. Wogula atafika ndinamuonetsa zimene munthu wodziwa amayang'ana. Oyilo wabwinobwino, osati wotuwa ngati wathiridwa mkaka, zomwe zimachitika head gasket, chomatira cha pakati pa mutu wa injini ndi thupi lake, ikapsa madzi n'kulowa mu injini. Kunsi kopanda dzimbiri. Batire 12.6 volts injini itazima, 14 ikamalira, kusonyeza kuti alternator, makina otchaja batire, ikutchaja. Magiya kulowa osakukuta. Bamboyo anakhutira, tinanyamuka kokayesa, ine pa chiwongolero.

Nditangokhotera kumanzere, piiii! Hutala yalira yokha, osaikhudza. Ndinachita zimene aliyense wogulitsa galimoto akanachita: dzanja pawindo, mano onse panja, ngati ndaona mnzanga. Mayi ena osandidziwa anabweza moniwo mokayikira.

"Mumadziwika ndithu, achimwene," anatero wogula.

"Aaa, pang'ono chabe, bwana."

Kona ina, piiii! Agogo ena anavula chipewa. Ina, piiii! Ana asukulu anayamba kutithamangira. Ndinayesa zokhotera kumanja kokhakokha, tinazungulira nyumba imodzimodzi mpaka galu wapamenepo anasasa mawu n'kukagona. Kenako inafika kona yopanda munthu ngakhale mmodzi. Piiiiii! Dzanja linali litatuluka kale, lazolowera. Kutsogolo kwanga mtengo wa magetsi basi. Kubweza dzanja kukanakhala kuvomera mlandu, ndiye ndinaugwedezera mutu mwaulemu, ndinachepetsanso liwiro kuti uyankhe. Wogula anauyang'ana mtengowo, anandiyang'ana ine, anautembenukiranso tikuupitirira, n'kufunsa chapansipansi: "Amenewa ndi akuchimuna kapena akuchikazi?"

Tsono mverani, inu mukuti galimotoyo yatha. Batani la hutala ntchito yake n'kungogunditsa waya ku chitsulo cha galimoto kuti magetsi adutse. Waya wake, amene amadzera mu chiwongolero, anasupuka, ndiye ukakhotera kumanzere amagunda chitsulo yekha. Mankhwala ake ndi tepi ndi kawaya kakafupi. Zikakuchitikirani pamsewu, tsegulani boneti muzule waya pa hutala penipenipo. Osathamangira fyuzi, chifukwa pa magalimoto ena fyuzi yomweyo ndi imene imayatsa magetsi a mabuleki. Ndipo ngati chiwongolero chili ndi airbag, chikwama cha mpweya chimene chimafufuma pangozi, musachimasule batire isanachotsedwe.

Galimoto imatayidwa dzimbiri likadya chassis, zitsulo zakunsi zimene zimanyamula galimoto yonse, injini ikamamwa oyilo n'kumafuka utsi wabuluu, gearbox ikayamba kulavula magiya, kapena ndalama zokonzetsera pachaka zikaposa zimene mungamabweze pa ngongole ya galimoto ina. Osati kawaya! Yathuyi timing belt, lamba woyendetsa mavavu a injini pa nthawi yake, ndi yatsopano, ndipo lamba ameneyu pa magalimoto ambiri amayenda makilomita pafupifupi 100,000 asanafune kusinthidwa. Ndimupatse munthu wina makilomita onsewo ulele?

Wogula uja anati aimba foni akaganiza bwino. Mayi akunyumba akuti wayayo ndinamusupula ndekha, ndipo akuti ali ndi mboni. Tepi sindinagulebe. Ndapeza njira yakuntchito yokhotera kumanja kokha, kungoti mafuta ikudya ndithu.